Keke Yoti Sipora Adye

A Menashe Cheulkar sankalola dzira kulowa mu keke yawo asanalione ndi maso awo. Chaka chilichonse, m'mawa wa tsiku loti dzuwa likalowa chikondwerero cha Roshi Hashana, Chaka Chatsopano cha Ayuda, chiyamba, ankavala malaya oyera, kukulunga tambula yaing'ono m'kansalu, n'kutsika masitepe ulendo wa kwa Idris wophika buledi, kuseri kwa msika wa nsomba ku Thane. Akafika sankaima pakhomo ngati ogula ena. Ankalowa mpaka mkati muli uvuni wa nkhuni, n'kukaima pa zenera. Dzira lililonse ankaliswera lokha m'tambulamo, kuikweza kumene kukuchokera kuwala, kusuzumira pamwamba, kenako pansi. Likakhala loyera, ankalikhuthulira m'beseni. Likapezeka ndi kadontho ka magazi, ngakhale kochepa ngati nsonga ya singano, ankalitaya, kutsuka tambula, n'kutenga lina. Myuda sadya magazi, ngakhale a m'dzira.

"Kaka, nkhuku zanga n'zachisilamu," Idris ankatero chaka ndi chaka, pakuti kumeneko bambo wachikulire amamuitana kuti Kaka. "Nazonso malamulo zimawadziwa."

"Nkhuku ilibe chipembedzo. Bweretsa lina."

Chitini cha keke ankanyamula ndi mlamu wawo, a Yoel, mlongo wa akazi awo. A Yoel anali telala, sanakwatirepo, ndipo ankakhala m'chipinda cha pansi m'nyumba yosanja yomweyo. Kwa Idris ntchito yawo inali kuima kumbuyo, chitini m'manja, n'kumaonerera. Zaka zonsezo m'chipinda cha uvunicho sanalankhulemo kanthu. Moni ankaperekera pakhomo.

Mwambowu unayamba chaka chimene a Menashe anakwatira mayi Yerusha. Nthawi imeneyo anali mnyamata wokonza mabuleki a sitima, manja akuda ndi girisi mlungu wonse. M'zipinda za anthu ngati iwo munalibe uvuni, munali chitofu cha palafini basi. Pa Chaka Chatsopano akazi ankaphika haluwa, phala lolimba lotsekemera la mkaka wa kokonati, kutakasa mpaka mkono kuwawa. Mayi Yerusha haluwa ankamudziwa, koma mtima wawo unali pa keke zimene ankaziona m'magalasi a masitolo pochokera kumsika. Sanapemphe. Ankangoyenda pang'onopang'ono akafika pagalasipo. A Menashe anaona.

Vuto linali batala. Pa Chaka Chatsopano patebulo pamakhala nyama ya mbuzi, ndipo pakamwa pamene palowa nyama sipalowa mkaka kapena batala mpaka papite nthawi. Keke zonse za m'masitolo zinali za batala. A Menashe anayendera ophika buledi mmodzimmodzi akaweruka kuntchito. Ena anawaseka, ena anawauza kuti akadye nthuza. Bambo ake a Idris okha ndiwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mafuta m'malo mwa batala, kokonati m'malo mwa mkaka," anatero mkuluyo. "Ikafwafwala pakati usadzandinene kumsika."

Sinafwafwale. Inatuluka yofiirira, yonunkhira uchi ndi tende, zipatso zija za kanjedza, yopserera pang'ono m'mphepete chifukwa uvuni wa nkhuni sulemekeza munthu. Madzulo, atadalitsa vinyo ndi zipatso, atadya nyama, a Menashe anadula n'kuikira akazi awo. Mayi Yerusha analuma, anatseka maso, n'kunena kuti chaka chimenecho chikhala chokoma. Kuyambira pamenepo sikunadutse chaka. Chaka cha chigumula a Menashe anapita madzi ali m'chiuno, tambula pamutu pansi pa kapusi, a Yoel pambuyo atakweza chitini m'mwamba ngati mwana.

Mwana anabadwa mmodzi yekha, Sipora. Anakula anthu akupita. Chaka ndi chaka mabanja ankagulitsa makabati ndi mabedi n'kukwera ndege ya ku Israyeli, ndipo mabenchi a m'sunagoge ankaoneka ngati akutalika. A Menashe sanapite. Ankati sitima za ku Thane zilibe wina wozimangira mabuleki, ndipo ngakhale atapuma ntchito ankanenabe zomwezo. Sipora atamaliza maphunziro a unamwino anapita. Anapeza ntchito ku Beersheba, anakwatiwa ndi Avner, munthu wabwino, wosunga malamulo mpaka timalamulo ta pansi penipeni. Pa zithunzi zimene ankatumiza, tsitsi la Sipora linasowa, linalowa mu duku.

Mayi Yerusha atamwalira, Sipora anafika maliro ataikidwa kale, n'kukhala pansi ndi bambo ake masiku a kulira. Anthu ankabwera ndi mpunga, nsomba, mazira owiritsa. Sipora ankathokoza aliyense koma osakhudza. Ankadya nthochi, kusenda yekha, madzi n'kumwera m'kapu yapepala. Miphika ya amayi ake, yomwe inamulera, kwa iye tsopano inali yokayikitsa, chifukwa palibe rabi amene anaiona. Sananene mawu oipa. Ankangomwetulira n'kunena kuti wakhuta.

A Menashe anali pakona, ndevu zosameta, akuyang'ana makoko a nthochi akuchuluka m'mbale. Tsiku limene Sipora ananyamuka, a Menashe anatsikira kwa a Yoel, n'kukhala pa mpando wa makasitomala pafupi ndi makina osokera.

"Alamu, mwaona?"

"Ndaona."

"Ndinalera mwana kapena nyani?"

A Yoel sanaseke. Nawonso a Menashe sanaseke. Anakhala choncho mpaka nthawi ya mapemphero a madzulo.

Keke sanasiye kugula. Nkhalamba ziwirizo zinkaidya mlungu wathunthu, yotsala n'kugawira anthu oyandikana nawo. Koma zaka zikupita, maso a mkuluyo anayamba kuchita ng'ala. Sanauze munthu. A Yoel ankangoona: nambala ya basi ankawafunsa ngati akuwayesa nzeru, ndipo m'sunagoge buku ankaligwira lotsegula bwino, mapemphero akutuluka osaphonya, koma tsamba osatembenuza.

Ndiye chaka china, mvula ikupita kumapeto, foni inalira. A Menashe ankaika foni patebulo, mawu n'kumamveka chipinda chonse, choncho a Yoel anamva zonse.

"Baba, ndikubwera pa Roshi Hashana. Ndekha, ana atsala ndi bambo awo."

"Ubwere, mwananga. Ndipeza munthu wophika..."

"Ayi Baba, musavutitse anthu. Chakudya ndibwera nacho."

"M'sutikesi?"

"Baba."

"Chabwino, chabwino. Nanga keke?"



"Ikakhala ndi chidindo cha rabi pa pepala lake, ndidya. Koma musazunzike, kumeneko simungaipeze."

Foni itadulidwa a Menashe anakhala akuyang'ana mpando umene unkakhala wa mwana wawo. Chimene ankafuna chinali chimodzi: Sipora akhale pamenepo, adye chinthu chimene iwo agula, chimene iwo adula ndi manja awo.

"Alamu, mawa makina apume," anatero.

Woyamba kupereka nzeru anali mayi Mozel a chipinda choyandikana, amene nkhani zonse ankazimvera pakhoma. Anawaimitsa pamasitepe.

"Inu madala awiri mukuzunguliranji? Gulani ya kadontho kobiriwira. Tonse timagula imeneyo. Mulibe nyama, mulibe dzira, mulibe chilichonse chakufa."

"Nanga mkaka?"

"Aa, kamkaka ka mu keke nako n'kowerengera? Mulungu ali ndi ntchito zambiri, a Menashe."

"Mpongozi wanga alibe ntchito zambiri. Yake ndi yomweyo."

Anapitabe kukaona, ku sitolo yatsopano pafupi ndi siteshoni, ya anthu osadya chamoyo chilichonse. Mkati munali mozizira, keke zili m'magalasi, zoyera ngati zaukwati, iliyonse ndi kadontho kake kobiriwira. Mwini wake anawalandira bwino.

"Muli batala?" anafunsa a Menashe.

"Weniweni, Kaka! Ife sitinamiza anthu ndi mafuta."

"Ndiye mundiphikire ina yopanda batala, ya kokonati. Mazira ndibwera nawo ndekha, ndidzawaonera pompano."

Munthu uja anabwerera m'mbuyo ngati wauzidwa kuti pansi pa kauntala pali njoka.

"Dzira? Muno? Agogo anga atsika pa chithunzi icho kudzandimenya."

"Nanga chidindo cha rabi muli nacho?"

"Cha boma chilipo, cha kadontho chilipo. Rabi ndi kampani ya kuti?"

Anayesanso kwina, ku sitolo ya keke ya m'hotelo ina yaikulu. Kumeneko mtsikana wa kauntala anamwetulira mokoma, n'kuwauza kuti kukhitchini salola alendo. A Menashe anati iwo si mlendo, anabadwira kuseri kwa msewu womwewo. Mtsikanayo anamwetulirabe, mpaka anatuluka.

Tsiku lina anakwera sitima kupita mumzinda, ku Colaba, kumene anamva kuti kuli sitolo ya zakudya zochokera kunja. M'sitimamo a Menashe ankamvetsera mabuleki pa siteshoni iliyonse n'kumapukusa mutu. Sitoloyo anaipeza dzuwa lili paliwombo. Pa shelefu ya pansi, kuseri kwa mabotolo, panali timakeke ta m'mapulasitiki. A Menashe anatenga kamodzi n'kukayandikiza pamphuno.

"Zilembozi amazichepetsa dala. Taonani alamu, chidindo chilipo?"

"Chilipo."

"Cha rabi?"

"Cha rabi. Mkaka mulibe."

Anagula kamodzi koyesera, chifukwa ankati munthu saika patebulo chimene sanalawe. Anakakhala pa benchi ya pasiteshoni n'kukanyema pakati. Kanayoyokera pa mathalauza ngati utuchi. A Menashe anatafuna nthawi yaitali.

"Mwalawa chiyani?"

"Pulasitiki," anatero a Yoel.

"Ine ndalawa chidindo." Anasansa zinyenyeswa, nkhunda n'kutera. "Mwana achoke ku Beersheba kudzadya thabwa kwa bambo ake? Chaka chiyambe ndi chimenechi pakamwa? Mlongo wanu akananditsekera panja."

A Yoel anafuna kunena kuti Sipora akanadya ngakhale thabwa, bola chidindo, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Anayang'ana nkhope ya mlamu wawo n'kumeza mawuwo.

Atafika kunyumba, asanavule n'nsapato zomwe, a Menashe anaimba foni.

"Sipora, rabi wako uja asanadinde amayang'ana chiyani?"

"Zambiri, Baba."

"Tchula. Maso ali nawo awiri ngati ine."

Sipora anaseka, kuseka kumene a Yoel anali asanakumve chichokereni mtsikanayo. Anati afunsa. Patapita masiku anaimba n'kuyamba kuyala. Chitini chikhale chatsopano, chosaphikiramo kanthu. Ufa usefedwe bwino kuopa tizilombo. Mafuta akhale a m'botolo losatsegula. Pamoto wa mu uvuni Myuda aponyepo nkhuni ndi dzanja lake. Ndipo popeza uvuni wa Idris umaphikanso mabanzi a nyama, kekeyo ilowe yoyamba m'mawa, itakulungidwa kawiri ndi pepala lasiliva.

"Komanso ndiyenera kukhalapo, Baba, ndione ndekha. Zonse zikayenda bwino, ndidya."

"Nanga mazira?"

"Mazira ndi anu. Amenewo palibe rabi angakuphunzitseni."

A Menashe anaimirira, anayenda mpaka pa zenera, anabwerera, anapitanso. Nkhope inali ya mnyamata. A Yoel anayang'ana pansi.

"Alamu," anatero patapita nthawi, "mukanapita kaye kwa dokotala wa maso."

"Maso anga atani?"

"Palibe."

"Zikondwerero zikatha tiona."

Idris anamvetsera zonse akukanda mtanda wa buledi.

"Ndiye mukuti Myuda aponye nkhuni mu uvuni wanga?"

"Chikuni chimodzi."

"Kaka, ponyani mtolo wonse. Mubwerenso mawa ndi mkuja. Muitane abale anu onse a ku Israyeli, aliyense ndi chikuni chake. Nkhuni zadula."

"Ndipo mabanzi ako a nyama adikire."

"Apo ndiye mwandipha. Madalaivala amafika m'mamawa ndi njala ya afisi."

"Uwauze kuti mwana wanga wabwera."

Idris anapukuta manja pa epuloni. Sipora ankamudziwa ali kamtsikana ka maliboni kodzagula buledi.

"Adikira," anatero.

Masiku otsalawo a Menashe sanakhale pansi. Anapaka laimu khoma la pafupi ndi tebulo, anachapitsa makatani, anagula chitini n'kuchisunga m'pepala lake pamwamba pa kabati. M'mawa uliwonse a Yoel, ali pa makina awo, ankamva kaphokoso pamwamba: kho, kenako zii, zii wautali, kenako kho. Tsiku lina anakwera n'kupeza mlamu wawo ali pa zenera, tambula m'mwamba, mbale ya mazira osweka pambali.

"Ndikukazinga," anatero a Menashe osatembenuka. "Mudya nawo?"

Mlungu umenewo anadya mazira okazinga tsiku ndi tsiku, ndipo palibe anafunsa mnzake chifukwa chake.

Sipora anafika dzulo lake la tsiku la keke. Anali atanenepa pang'ono, duku labuluu kumutu, nkhope ya amayi ake yeniyeni, moti a Yoel anagwira chitsulo cha masitepe. Anapsompsona dzanja la bambo ake, kenako la amalume ake. M'sutikesi munatuluka zitini za nsomba, kamphika, mbale zapepala. Pa chakudya cha madzulo anakhala patebulo limodzi, koma iye ndi zake, iwo ndi zawo, ngati anthu okumana m'sitima. A Menashe ankalankhula za amene anamwalira ndi amene anasamuka. Maso awo anali pa dzanja la Sipora likamapita kukamwa.

Pambuyo pake Sipora anatsika kukapereka mphatso kwa amalume ake, n'kutseka chitseko.

"Amalume, maso aja anayamba liti?"

"Kale."

"Bwanji osandiuza?"

"Si anga."

Sipora anakhala pa mpando wa makasitomala, chala chikusisita m'mphepete mwa tebulo lodulira nsalu.

"Zikondwerero zikatha ndiwatenga. Kwathu kuja ng'ala amachotsa m'mawa umodzi. Chipinda chawo takonza kale. Sindinawauze, ndikufuna adye kaye chikondwerero mumtendere."

"Abwerera?"

Sipora anayang'ana makina osokera. A Yoel anagwedeza mutu, n'kuyamba kupinda nsalu imene inali yopinda kale.

Kunacha ndi mitambo. Anatsika atatu: a Menashe patsogolo ndi malaya oyera ndi tambula m'kansalu, Sipora ndi sefa ndi mapepala asiliva, a Yoel pambuyo ndi chitini chatsopano. Kumsika nsomba zinali zikungofika kumene. Pakhomo pa Idris madalaivala anali atayamba kale kudandaula za mabanzi awo.

"Lero ndi tsiku la Ayuda," Idris anawauza. "Imwani tiyi, simufa."

Ataona Sipora anatambasula manja odzaza ufa, kenako anakumbukira n'kuwabweza pachifuwa.

"Achemwali! Mwakula osatiuza."

"Inunso mimba yakula osatiuza, a Idris."

"Iyi ndi sitolo, ndimasungiramo katundu. Lowani."

Mkati munali motentha. A Menashe anasankha chikuni pa mulu, chouma bwino, anachigogoda pansi, n'kuchiponya mu uvuni. Moto unachilandira. Sipora anagwedeza mutu. Anasefa ufa yekha, n'kuyang'ana zotsala m'sefamo. Anawerenga botolo la mafuta, analitsegula. Kokonati Idris anamupala ndi kumufinya iye akuona. Uchi, tende, shuga, chilichonse ankachiyang'ana n'kugwedeza mutu, ndipo akagwedeza, msana wa bambo ake unkawongoka pang'ono.

Anatsala mazira.

Zenera la chipindacho linali lakuda ndi utsi wa zaka, ndipo kunja kunalibe dzuwa. A Menashe anamasula kansalu, anapukuta tambula, n'kuswa dzira loyamba ndi dzanja limodzi monga mwa masiku onse. Anakweza. Pamwamba, pansi.

"Loyera."

M'beseni. Anatenga lina.

"Loyera."

Manja ntchito ankaidziwa. Sipora anaima pafupi ndi phewa lawo atapinda mikono. A Yoel anayamba kupuma bwino.

Kenako linabwera lina. A Yoel anali kumbuyo, koma telala amaona ulusi wofiira pa nsalu yachikasu ali patali. Kadontho kanali pambali pa chikasu cha dziralo, kofiira bwino, kokhala ndi kamchira. A Menashe anakweza tambula. Anasuzumira pamwamba. Anasuzumira pansi. Anaitembenuza pang'ono, kadonthoko n'kudutsa patsogolo penipeni pa diso lawo.

"Loyera," anatero, n'kuyamba kupendeketsa tambula ku beseni.

A Yoel anadziwa kuti likagweramo zatha. Sipora mwina sanena kanthu pamaso pa anthu, koma madzulo amwetulira n'kunena kuti wakhuta. Anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Idris nayenso anali ataona. Anatembenukira ku uvuni n'kumasonkhezera moto woyaka kale.

Dzanja la Sipora linagwira mkono wa bambo ake dzira lili pamlomo pa tambula.

"Baba, dikirani."

"Chavuta n'chiyani?"

"Muli kadontho."

"Muno? Ndayang'ana."

"Kali pambali."

A Menashe anabweza tambula ku zenera. Anaiyandikiza mpaka inagunda nsidze. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo onse ankaona kuti diso lawo likufufuza pamene palibe kanthu.

"Eya," anatero. "Ndakaona."

 Panja dalaivala wina ankafuula kufunsa ngati Ayuda amaliza.

Anakhuthulira dziralo m'ndowa ya zinyalala. Anapita pa mpopi, anatsuka tambula, anaipukuta mkati ndi kunja, pang'onopang'ono. Atabwerera anaima pa beseni, akuyang'ana mazira amene anali atalowamo kale.

"Nanga awa?" Mawu anali otsika. "Titaye?"

"Ayi, Baba. Ndimayang'ana nanu limodzi kuyambira loyamba. Onse ndi oyera."

"Umayang'ana."

"Eya."

"Kuyambira loyamba."

Sipora analuma mlomo. A Menashe anatembenukira kwa mlamu wawo.

"Inu mumaima pamenepo chaka ndi chaka. Zaka zapitazi munaonapo kanthu?"

A Yoel anasuntha chitini m'manja.

"Zaka zapitazi kunali dzuwa, alamu."

A Menashe anasisita tambula ndi chala chachikulu. Kenako anafunsa osamuyang'ana mwana wawo:

"Ndiye udya?"

"Ndidya, Baba. Ndaona ndekha. Mudule ndinu, mundiikire ndinu."

"M'kambale kako kapepala."

"M'kambale kanga kapepala."

"Chabwino. Mbale ndi yako, keke ndi yanga."

Idris anatsokomola, akupukuta maso ndi epuloni ngati ndi utsi.

"Kaka, moto sudikira munthu, ndipo anthu anga panjapa adya ine m'malo mwa mabanzi. Latsala limodzi."

A Menashe anatambasula dzanja, Idris n'kuikamo dzira. A Yoel anaika chitini pa tebulo kuti aone bwino, chifukwa ankadziwa kuti sadzaonanso. Mkuluyo analiswa ndi dzanja limodzi, chigoba osagweramo. Anakweza tambula ku zenera lakuda lija, mkono wowongoka, chibwano m'mwamba. Anasuzumira pamwamba. Anasuzumira pansi, ndipo pansipo anachedwapo kuposa masiku onse. Sananene kuti loyera. Anatembenuka, tambula idakali m'mwamba, n'kuipereka kwa Sipora.